Tikiti yotchipa kapena yokhala ndi katundu kale? Tiwerenge mmene eni ndege amawerengera

Munthu wa kuno ku Thyolo kapena ku Mulanje sapita ku Joni chimanjamanja. Ikangomveka mbiri yoti uli pa ulendo, azakhali abwera ndi nandolo, aneba abwera ndi mapaketi a tiyi, wina ufa woyera, wina botolo la Nali, ndipo mawu a aliyense ndi amodzimodzi: "Kangachepe aka, mukampatsire mwana wanga." Ndiye kwa ife mtengo wa tikiti ya ndege si uja umaoneka koyamba pa foni. Mtengo weniweni umadziwika chikwama chikakwera pa sikelo pa Chileka.

Makampani a ndege mukawafunsa chifukwa chake amalipiritsa chikwama, mpando wa pawindo ngakhale kusintha tsiku, yankho lawo silisintha: mafuta akwera. Mbali ina akunena zoona. Mafuta amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zoyendetsera kampani ya ndege, zaka zina kuposerapo, moti amayesetsa kuwapulumutsa ngakhale pa kamtunda kaja ndege imayenda ndi matayala isananyamuke. Koma tikayika njira zawo zosungira mafuta pafupi ndi ndalama zimene amatilipiritsa, masamu ake sagwirizana kwenikweni, ndipo kudziwa zimenezi kumathandiza munthu posankha tikiti.

Zimene zili m'kati mwa tikiti

Risiti ya tikiti mukaiwerenga mofatsa muona kuti ndalama ija yagawidwa patatu. Pali mtengo wa ulendo weniweniwo. Pali misonkho ya boma ndi ya bwalo la ndege, kuno komanso kumene mukupita, imene kampani imangotolera n'kupereka kwa eni ake. Kenako pali kamzere kolembedwa YQ kapena YR. Kameneka kamaoneka ngati msonkho chifukwa kamaikidwa pamodzi ndi misonkho, koma ndi ndalama ya kampani, yomwe poyamba inkatchedwa yowonjezera chifukwa cha kukwera kwa mafuta. Pa maulendo ena ataliatali kamzere kameneka kamakula mpaka kupikisana ndi mtengo wa ulendo.

Zonsezi zimawerengedwa m'madola. N'chifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, matikiti anadumpha nthawi yomweyo pomwe ndege, mpando ndi mtunda zinali zomwe zija. Mafuta a ndege, a Jet A-1, nawonso amachokera kutali, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wake pa Chileka ndi pa Kamuzu amalengeza ndi a MERA.

Chizolowezi cholipiritsa chikwama choyamba pa makampani akuluakulu chinayamba ku America mu 2008. Chaka chimenecho mafuta osayenga anafika madola 147 pa mgolo, ndipo American Airlines inayamba kulipiritsa madola 15 pa chikwama choyamba. Anzake anatsatira pasanapite nthawi. Pofika December chaka chomwecho mgolo uja unali utagwa mpaka cha m'ma madola 40, koma ndalama ya chikwama sinachoke. Inakhazikika, n'kumakwera. Mu 2023 makampani a ku America anatolera madola opitirira 7 biliyoni pa zikwama zokha. Chinanso chimawakomera kumeneko n'chakuti msonkho wa 7.5 peresenti umene boma lawo limadula pa tikiti za m'dziko momwemo sukhudza ndalama ya chikwama.

Ndege ikamayenda pansi

Injini ya jeti inapangidwira m'mwamba, makilomita 10 kapena 11 kuchokera pansi, pa liwiro lopitirira makilomita 800 pa ola. Kuigwiritsa ntchito pokankha ndege pa phula pa liwiro la makilomita 30 pa ola n'kuwononga. Ndege ya msinkhu wa Boeing 737 kapena Airbus A320 imatentha mafuta a pakati pa makilogalamu 10 ndi 13 pa mphindi iliyonse ikamayenda pansi ndi injini zonse ziwiri, ndipo ikakhala yopepuka mphamvu imachuluka mpaka woyendetsa amangokhalira kuponda mabuleki. Kilogalamu iliyonse ya mafuta ikapsa imatulutsa makilogalamu opitirira pang'ono 3 a mpweya uja ukutenthetsa dziko. Kwa kampani ya ndege mazanamazana zonyamuka kangapo pa tsiku, mphindi zimenezi ndi ndalama zambiri.

Njira yosungira mafuta yotchipa kuposa zonse ndi kuyenda pansi ndi injini imodzi. Sipafunika kugula chilichonse, koma kuphunzitsa oyendetsa ndi kulemba malamulo ake. Amene anakwerapo Q400 ya mapulopela, ngati imene Malawi Airlines imagwiritsa ntchito pa maulendo afupiafupi, akhoza kuziona ndi maso pa ndege za mtundu umenewu: yatera, yakhota kuchoka pamsewu waukulu, kenako pulopela ya mbali imodzi ikuyamba kuzungulira mwaulesi mpaka masamba ake kuwerengeka limodzilimodzi, n'kuima, ndege ikupitabe. Wokhala pawindo amagwira mkono wa mnzake kuti injini yafa. Sinafe, aizimitsa dala.

Musaganize kuti injini imodzi ndiye theka la mafuta. Yotsalayo imagwira ntchito yoposa, makamaka podzutsa ndege imene inaima, choncho zimene zimapulumuka ndi pakati pa magawo 20 ndi 40 pa 100 alionse. Ilinso ndi malire ake. Injini imafuna mphindi zingapo kuti itenthe bwino isanapatsidwe mphamvu zonse ponyamuka, ndiponso pafupifupi mphindi zitatu kuti izizire ikatera asanaizimitse. Ndege ikalemera kwambiri, pakakhala chitunda, phula likanyowa kapena pakakhala pokhota mopanikiza, woyendetsa wanzeru amayatsa zonse, chifukwa injini imodzi ikakakamizidwa imatulutsa chimphepo chokhoza kugwetsa munthu kapena ngolo ya katundu kumbuyo. Ndiye taonani pa Chileka: kuchoka pamene ndege yakwezera anthu kukafika ponyamukira ndi mphindi zowerengeka, zomwe zimangokwanira kutenthetsa injini. Chopulumutsa palibe kwenikweni. Phindu lake limaoneka ku O.R. Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, kumene msewu umodzi wonyamukira ndi wautali makilomita opitirira 4 ndipo nthawi zina ndege zimandandana kudikira mpata.

Njira yachiwiri ndiyo ine ndimaiona yanzeru kwambiri ngakhale sitchuka: osayatsa injini mpaka nthawi yonyamuka itatsimikizika. Mabwalo akuluakulu a ku Ulaya anagwirizanitsa makompyuta a oyang'anira mlengalenga, a bwalo ndi a makampani kuti ndege iliyonse iziuzidwa mphindi yoyenera kuyatsa. M'malo moti ndege khumi zikaime pa mzere injini zikulira, ngati minibasi ya pa Chitakale imene imangoliza injini kunamizira kunyamuka mipando isanadzaze, zimadikira pa geti zili zii. Apaulendo amadandaula kuti takwera kale bwanji sitikusuntha, koma nthawi yofika ndi yomwe ija.

Podikirapo pali kachisankho kena. Kumchira kwa ndege kuli kainjini kakang'ono kotchedwa APU, kamene kamapereka magetsi ndi mphepo yozizira injini zazikulu zikakhala zozimitsa. Ndi kaja kamalira mosalekeza mukamakwera masitepe. Nakonso kamamwa, makilogalamu opitirira 100 pa ola pa ndege ngati 737. Bwalo likakhala ndi magetsi olumikiza ndi chingwe, kapena ngolo ya jenereta, kainjini kameneka kamapuma. Kwa mabwalo ngati athu, ndikuona kuti apa ndiye pali phindu logwirika kuposa pa makina odula ali m'munsiwa.

Njira yachitatu ndi kukoka ndege mpaka pafupi ndi ponyamukira. Mathirakitala okankha ndege chammbuyo kuchoka pa geti alipo kale, koma ndi ochedwa, ndipo akamanyamuka ndi kuima mwadzidzidzi pa mtunda wautali amafooketsa mwendo wa kutsogolo wa ndege. Kampani ya Israel Aerospace Industries inapanga galimoto yotchedwa TaxiBot, imene imanyamula tayala la kutsogolo n'kumakoka ndege pa liwiro lake la nthawi zonse, koma woyendetsa ndege ndiye amawongolera ndi kuponda mabuleki ali pampando wake. Lufthansa inayamba kuigwiritsa ntchito ku Frankfurt mu 2015, Air India ku Delhi mu 2019, ndipo bwalo la Schiphol ku Amsterdam linaiyesa mu 2020. Ku Schiphol n'zomveka, chifukwa msewu wawo wonyamukira ndi kuterera wotchedwa Polderbaan uli kutali moti ndege imatha kuyenda pansi mphindi 15 kapena kuposerapo. Mafuta amapulumuka ambiri kuposa a njira ya injini imodzi. Vuto ndi mtengo wa galimotoyo, dalaivala wake, ndi njira yoti izibwererera popanda kutsekereza ndege zina. Bwalo lolandira ndege zowerengeka pa tsiku silingabweze ndalama imeneyo.

Yachinayi imamveka bwino pa pepala: kuika mota ya magetsi m'matayala a ndege kuti izidziyendetsa yokha pansi. Honeywell ndi Safran anaonetsa A320 yoyenda motero pa chionetsero cha ndege cha ku Paris mu 2013, koma mu 2016, mafuta atatsika mtengo, anaisiya ntchitoyo. Kampani ina, WheelTug, yakhala zaka zambiri ikulimbana ndi mota ya m'tayala la kutsogolo. Chimagwetsa njira imeneyi ndi kulemera. Makinawo amagwira ntchito mphindi 20 pansi, kenako ndege iyenera kuwasenza ulendo wonse m'mwamba, ndipo kusenza kumeneko kumadya gawo la mafuta omwe aja anapulumutsidwa.

Masamu ake pa mutu wa munthu mmodzi

Tiyeni tingoyerekeza. Ndege yayenda pansi mphindi 15 ikutentha makilogalamu 12 pa mphindi. Amenewo ndi makilogalamu 180. Injini imodzi ipulumutse gawo limodzi mwa atatu, makilogalamu 60, omwe ndi malita pafupifupi 75. Agaweni kwa anthu 150. Aliyense wapulumutsiridwa theka la lita. Kwa kampani yonyamuka maulendo masauzande pa mwezi ndi chuma, koma musayembekeze kuti tikiti yanu itsika chifukwa pulopela ina inaima.

Tsopano chikwama. Katundu aliyense wowonjezera amachititsa ndege kutentha mafuta okwana magawo 3 kapena 4 pa 100 alionse a kulemera kwake pa ola lililonse. Kuchoka pa Chileka kufika ku Johannesburg ndi maola awiri ndi mphindi zingapo. Choncho chikwama cha makilogalamu 23 chimadya mafuta osapitirira makilogalamu awiri, tinene malita awiri ndi theka. Onjezanipo malipiro a anyamata onyamula ndi lamba woyendetsa katundu, simufikabe pa ndalama imene amakulipiritsani pa kauntala. Zoona, kulemera kuli ndi malire enieni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 ndipo Addis Ababa opitirira 2,300, kumene mpweya ndi wopyapyala, ndipo tsiku lotentha ndege singanyamuke ndi katundu yense amene ingafune. Koma ndalama ya chikwama siikidwa potengera mafuta amene chikwamacho chatentha. Imaikidwa potengera zimene munthu wothedwa nzeru, ndege itatsala mphindi 50, angalole kutulutsa.

Ndinaona mayi wina pa kauntala atagwada pansi, chikwama chamizeremizere chija chili yasa, akutulutsa mapaketi a tiyi awiriawiri kupatsira mwana wake kuti aike m'kachikwama ka m'manja. Wa pa sikelo anangoti, "Mayi, mwapitirirabe ndi atatu." Anatulutsa thumba la ufa, n'kulikweza m'mwamba kuyang'ana amene anawaperekeza kuseri kwa galasi, koma anali atapita kale kukasaka galimoto yobwerera ku Limbe. Ufa unatsala pa benchi.

Njira za ife apaulendo

Kwa munthu wonyamula katundu wa achibale, tikiti yokhala ndi chikwama kale, yochokera pa Chileka kulunjika ku Johannesburg, ndiyo ndingalimbikitse. Malawi Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, imauluka njira imeneyi, chimodzimodzinso Airlink ya ku South Africa. Makilogalamu ololedwa amasiyana kampani ndi kampani, komanso mtundu wa tikiti m'kampani imodzi yomweyo, ndiye musadalire zimene mnzanu anakuuzani chaka chatha. Werengani pa tikiti yanu. Pakalembedwa 2PC ndiye zikwama ziwiri, chilichonse ndi malire ake, ndipo simungaphatikize kuti chimodzi chikhale cha 30 china cha 16. Pakalembedwa 20K kapena 30K ndiye akuwerenga makilogalamu onse pamodzi. Kusiyana kumeneku kwaliritsa anthu ambiri. Ngati mukudziwiratu kuti mupitirira, gulani malo a chikwama chowonjezera tsiku lisanafike, pa intaneti kapena kwa ejenti, chifukwa kawirikawiri pa kauntala ndiye pamadula kwambiri.

Tikiti zotchipa zenizeni, zolipiritsa chilichonse pachokhapachokha, ambiri timakumana nazo tikafika ku South Africa n'kufuna kupitirira ku Cape Town kapena ku Durban. FlySafair ndiyo yodziwika. Tikiti yake yotsikitsitsa imakulolani kachikwama ka m'manja basi. Chikwama chachikulu, kusankha mpando ndi chakudya n'zolipira padera. Palibe chinyengo pamenepa, zonse amalemba poyera, ndipo kwa mwana wa sukulu kapena munthu wopita ku msonkhano wa masiku awiri ndi njira yabwino zedi. Koma wochokera ku Luchenza ndi zikwama ziwiri zodzaza aziwerenga kawiri. Ufulu wa katundu wa pa tikiti yoyamba suwoloka kupita pa yachiwiri ngati munazigula padera. Mukatera pa O.R. Tambo mutenga katundu yense, mudutsa naye pa kasitomu, mukamuyezetsanso, mulipirenso. Ndipo ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampani yachiwiriyo ilibe nanu mlandu. Tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse imaoneka yodula pa foni, koma ikachedwa ndege, udindo wokupezerani ina ndi wawo. Amene asankhabe matikiti awiri asiye mpata wa maola osachepera anayi pakati.

Opita kutali, ku Dubai, ku Guangzhou kapena ku London, kawirikawiri amayerekeza Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa ndi Kenya Airways kudzera ku Nairobi. Pa maulendo ambiri a Ethiopian munthu amaloledwa zikwama ziwiri za makilogalamu 23, n'chifukwa chake amalonda amaikonda. Chofunika kusamala ife a kum'mwera kuno ndi tikiti yooneka yotsika chifukwa ikuyambira ku Lilongwe. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kupitirira mzinda. Kuchoka ku Mulanje ndiye minibasi mpaka Limbe, basi ya maola anayi kapena asanu, takisi yokafika ku bwalo, ndipo nthawi zambiri malo ogona usiku umodzi. Zimenezi muziwonjezere pa tikiti, popita ndi pobwera, musananene kuti mwapeza yotchipa.

Pobwerera pali lamulo lina limene ambiri amalidziwira pa mzere. Kuyambira 2019 bwalo la O.R. Tambo limakana pa makauntala wamba katundu wopanda mbali yafulati: mitolo yozungulira, yokulunga m'bulangete, kapena ya zingwe zazitali zolendewera, chifukwa imakola pa lamba. Muyenera kukamangitsa bwino, ndipo kumangitsako n'kolipira. Botolo la Nali likhale m'chikwama chachikulu, chifukwa m'manja salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100, pomwe pawabanki ndiyo iyenera kukhala m'manja. Popita, zinanazi za ku Mulanje ndi mapeyala zisiyeni. Zipatso zaziwisi zimafuna chilolezo polowa nazo ku South Africa.

Yatsala basi. Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge ndi ulendo wopitirira tsiku lathunthu, ndipo pa malire atatu a Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge munthu umatsika, kufola, nthawi zina kutsitsa katundu yense. Miyendo imatupa. Nawonso a basi amayeza katundu n'kulipiritsa wopitirira, koma mtengo wa kilogalamu ndi wotsika kutalitali poyerekeza ndi wa ndege. Ngati cholinga cha ulendo ndi katundu, monga kukaoda zogulitsa pa Limbuli kapena kubwera ndi firiji, ndege isakusokonezeni n'komwe. Ena masiku ano amagawa: iwo akwera ndege ndi kachikwama kamodzi, katundu wolemera apereka kwa otumiza katundu pa msewu kuti akamupezere ku Wenela patapita masiku angapo. Njira imeneyi imayenda bwino ngati mwalembetsa katunduyo, mwatenga risiti yokhala ndi nambala, ndipo mwagwirizana poyambirira kuti msonkho wa MRA pa Mwanza alipira ndani.